Kayendedwe ka Mayi wa ku Chezi

Chisankho cha zipani zambiri chitangopita, mpingo wathu unatsegula maphunziro a kanema m'nyumba yakale ya mishoni kufupi ndi Mponela. Kamera inali imodzi. Anzanga onse anasankha kujambula anthu enieni. Ine ndekha ndinasankha makatuni, zithunzi zapamanja zimene zimayenda ukazitola ndi kamera chimodzichimodzi.

Iwo ankakwera galimoto m'mawa kupita kumidzi. Ine ndinkatsala m'chipinda chosungira mabenchi othyoka, ndi mapepala ndi pensulo. Pobwera ankanunkha fumbi ndi fodya wa m'zigafa, akuseka zinthu zimene ine sindinazione. Kamera inkandipeza Lamlungu masana basi.

"Achimwene a mapensulo, anthu anu apapepala adya lero?" ankandifunsa choncho mnzathu wina, mnyamata wa ku Malomo m'boma la Ntchisi, amene ankagwira kamera kuposa tonse.

Tsiku lina anabwerako tepi ilibe kanthu. Ku Chezi anapeza mayi amene mwamuna wake anatengedwa nthawi ya chipani chimodzi chifukwa chokana kugula khadi, osabwereranso. Mayiyo analola kuti nkhani yake imveke, koma osati nkhope kapena mawu ake. Banja limene linakamunenera mwamunayo linali m'mudzi momwemo, ndipo ankatunga pa mjigo umodzi. Kanemayo anayenera kukaonetsedwa ku Chezi komweko.

Wa ku Malomo uja anagogoda pachitseko changa. Anali asanalowemo chiyambire.

"Tikufuna munthu wopanda mwini," anatero. "Inu mumapanga otero."

Mayi woyamba amene ndinajambula ankangotsetsereka ngati ali pamatope. Mnzangayo anabwerera ku Chezi, napempha chilolezo, nawatola mayiwo chakumbuyo akuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu. Ine ndinkaimitsa tepi, kuyala pepala pagalasi la wailesi yakanema, n'kulondola mzere uliwonse. Sindinajambulepo chinthu chamoyo ngati chimenecho.

Iye anachiyang'ana osaseka.

"Mwajambula bwino mopitirira, achimwene. Awa ndi mayi aja. Onani mmene akukokera mwendo wamanzere. Ku Chezi ngakhale mwana awazindikira."

Ananena zoona. Ine ndinkaona mizere, iye ankaona munthu. Ntchito yonse ija inapita m'bokosi la zinyalala.

Atsikana a m'kalasi mwathu anakana kuyenda m'malo mwa mayiwo, poti ambiri anali ndi abale chakomweko. Wa ku Malomo anamanga chitenje pamwamba pa buluku, nasenza ndowa, nandipatsa kamera.

"Musapume ngati ng'ombe yapangolo, chithunzi chikugwedera!" anakuwa ali pachitunda, madzi akumutsikira m'khosi.

Sabata zotsatira sanakwere galimoto. Ankakhala pa benchi lothyoka kudetsa chitenje pa pepala lililonse, akudandaula kuti zala zafa.

"Ntchito iyi mumaigwira nokha nthawi yonseyi?"

"Ndekha."

Sanandifunsenso ngati anthu anga adya.

Tinakaonetsa kanemayo m'kalasi ya sukulu masana, mawindo titatchinga ndi mabulangete, jenereta ikulira panja. Mawu anawerenga mtsikana wina wa m'kalasi mwathu. Mayi aja anakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Ine sindinayang'ane kanemayo, ndinkayang'ana makosi a anthu.

"Kodi ndi wakuno ameneyu?" ananong'ona mayi wina.

"Ayi, taonani mayendedwewo. Ngati mwamuna. Mwina ndi wa ku Ntchisi."

Palibe anacheuka. Kanema atatha, mayi aja anatuluka pakati pa anzawo osatipatsa moni, monga tinapanganirana.

Maphunziro atatha mnzanga anapita ku Blantyre, ine ndinalowa ntchito ya nyuzipepala. Sitinaonanenso. Tepi ija inachita nkhungu. Mapepala ndikadali nawo. Ndikawathamangitsa ndi chala, mayi amakwera chitunda ndi ndowa pamutu, akuponda kwambiri ngati munthu wa ku Malomo amene sanazolowere chitenje.