Msewu Wosokerera Kukhonde

Ndaima pakati pa masitolo a kwathu, aja anatsekedwa chaka chimene msewu watsopano unatilambalala. Dzuwa lili paliwombo. Pakhonde la sitolo yanga pakhala a Chisale, telala wathu wakale, akupalasa makina awo, koma chimene akusoka si nsalu. Ndi msewu wa tala. Akuukoka kuchokera kuseri kwa phiri, wakuda bii, wofunda, mizere yake yoyera ili pomwepo, n'kumausokerera kukhonde ngati mpendero wa diresi.

"Gwirani mbali iyo, mayi, ungakwinyike," akutero, mapini ali kukamwa.

Ndikugwira. Paliponse pamene singano yadutsa, chitseko chikutseguka chokha. Tiyirumu ya a Nabanda ikutulutsa fungo la masikono. Chigayo chikutsokomola kawiri n'kuyamba kulira. Mbuzi yojambulidwa pakhoma la butchala ikutsika n'kudzisasa fumbi.

Kenako ndikumva hutala. Basi ikubwera yodzaza, koma patsala mpata wotalika mkono umodzi wosasoka, ndipo ulusi watha.

"Ikapeza mpata uwu ibwerera," akutero a Chisale.

Ndikusolola ulusi m'chitenje changa n'kuwapatsa. Chitenje chikufupika mpaka m'mawondo, a Nabanda akuseka pawindo, ine sindikusamala. Makina akuthamanga. Basi ikuponda pamsoko, msoko ukugwira, ndipo ikuima pakhomo panga penipeni. Anthu akutsika osatha, wina akufunsa sopo, wina machesi, wina mchere.

Ndadzuka ndikuseka ndekha, zala zikadali zotsina ulusi. Ndisanasukusule n'komwe, ndayamba kufunafuna makiyi a sitolo.