Uthenga wa Maliro pa Bwalo Lopanda Anthu

Maliamu adafika ku Mzuzu m'chaka cha 2002, chikwama chimodzi m'manja, mwana wa miyezi isanu ndi itatu kumbuyo. Kwawo ndi ku Ntaja, kotentha, ndipo chimene adayamba kudana nacho kuno chidali chifunga chotsika m'mawa kuchokera ku mapiri a Kaning'ina, ndi mvula yosadziwa kuleka. Mwamuna wake, Che Salumu, adali atatsogola kale ndi bokosi la zida zokonzera mawailesi. Adapeza nyumba ya lendi ku Ching'ambo, chipinda chakumaso nkuchigawa pawiri ndi pulaiwudi. Mbali ina Maliamu ankagulitsa sopo, mchere, machesi ndi mafuta ophikira oyeza ndi kabotolo. Mbali inayo kudali benchi ya bamboyo, yodzaza ndi mawaya, yonunkha mtovu wosungunuka.

Maliamu sadali wa mawu ambiri. Chitumbuka adaphunzira cha pakauntala, chokwanira kupereka moni ndi kuthokoza. Zina zonse ankangoona nkusunga.

Che Salumu nawo sankacheza kwenikweni ndi anthu apafupi. Anzawo adali akutali. Cha m'ma 2009 adapeza tsamba lina pa intaneti lomwe okonza mawailesi ndi makanema adalitcha Bwalo la Amisiri. Munthu ankalemba vuto la wailesi yomwe yamukanika, ena nkumayankha m'munsi mwake, ndipo nkhaniyo inkakhala pomwepo zaka, wofuna nkudzaipeza. Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti ankadzera ku kafe ya intaneti m'tauni. Atagula foni yaikulu, bwalolo lidalowa m'nyumba, ndipo Maliamu adawadziwa anthu ake ngati abale. Padali Gabriel wa ku Zomba, yemwe Che Salumu ankamutcha achimwene ngakhale sadaonanepo maso ndi maso. Padalinso wina wodzitcha Fyuzi, wotsutsa chilichonse.

"Fyuzi wayambanso," ankatero Che Salumu, akupukusa mutu koma akumwetulira. "Akuti tsegulani msanga muone. Ayi. Musanatsegule wailesi, funsani kaye mwini wake kuti idayamba bwanji kudwala."

Mawu amenewa Maliamu ankawamva kudutsa pulaiwudi uja pafupifupi tsiku lililonse, kwa makasitomala ndi kwa foni yomwe.

Che Salumu adagwa pa benchi yawo nkumwalira Lachiwiri lina la mwezi wa June, m'mawa wozizira. Dzuwa lisanapendeke adali ataikidwa kale, monga achitira Asilamu. Mwana wawo Hanan, yemwe adakwatiwa ku Joni, adamva zonse zitatha. Maliamu adalowa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi osachoka pakhomo. Shehe adamuuza kuti sadaka ya masiku makumi anayi ndiyo nthawi ya onse amene sadathe kufika pa tsiku loika, choncho aliyense wowadziwa malemu auzidwe.

Abale a ku Ntaja adawaimbira. A kumsika adauzidwa ndi anzawo. Adatsala a pa bwalo. M'foni ya malemu mudalibe nambala ya Gabriel kapena ya wina aliyense wa iwo, pakuti kumeneko anthu ankadziwana ndi mayina basi. Koma munthu amene wacheza nawe zaka khumi ndi zisanu sasiyidwa kuti adzamve za imfa yako ngati mphekesera. Tsiku lachisanu ndi chitatu Maliamu adatsegula foniyo, nkupeza tsamba lija lidakali lotsegula m'dzina la mwamuna wake. Sukulu adalekera Fomu 2, koma kulemba kalata ankadziwa. Adapereka moni, adadzitchula kuti ndi mkazi wa Salumu wa Kumpoto, monga ankadziwikira pa bwalopo, adanena za imfa, za tsiku la sadaka ndi njira yofikira ku Ching'ambo. Adawerenga kawiri nkutumiza.

Pambali pa uthengawo padali kanambala kosonyeza amene awerenga. Madzulo ake kadali pa 14. Patapita masiku atatu kadafika pa 60. Sabata itatha kadali pa 212. Yankho ngakhale limodzi.

Ichi chidamupweteka kuposa kuzizira kwa m'nyumbamo. Pa tsiku la maliro ngakhale bambo wina yemwe adakanganapo ndi Che Salumu za kanema wake adabwera nkukhala pansi. Nanga awa, anthu mazana awiri, kuwerenga uthenga wa maliro nkudutsa ngati awerenga chikwangwani? Nanga achimwene aja a ku Zomba? Adayamba kukayika ngati mwamuna wake adali ndi anzake nkomwe, kapena zaka zonsezi ankangodzikakamiza pa anthu omuseka.

Dinah, mayi wa nyumba yoyandikana, wogwira ntchito yotaipa makalata pa shopu ina m'tauni, ndiye ankamugulira ndiwo masiku a eda. Loweruka adampeza atakhala pa mkeka, foni ili pamiyendo.

"Monire, amama. Mwatandala uli? Nanga nkhope imeneyo?"

Maliamu adangomupatsa foniyo. Dinah adayang'ana, nkuyendetsa chala m'mwamba ndi m'munsi nthawi yaitali.

"Amama, phepani chomene. Muno mulibe anthu."

"Alipo. Onani nambalayo."

"Si anthu awa. Ndi makina ongoyendayenda pa intaneti, amalowa paliponse. Taonani madeti. Munthu womaliza kulemba muno, kupatula abambo, adalemba zaka ziwiri zapitazo. Mwalengeza maliro m'nyumba yomwe eni ake adasamuka."

Adayang'ana limodzi. Zidali zoona. Pamwamba padali chidziwitso chakale cha Gabriel chonena kuti anthu achepa, achinyamata sabweranso, ndipo otsalawo akusamukira ku gulu la pa WhatsApp. Wofuna atsate linki. M'munsi mwake mudali yankho la Che Salumu: "Pitani bwino, achimwene. Ine ndikhala konkuno, wina akabwera ndi wailesi yake asadzapeze potseka." Kuchokera pamenepo mauthenga onse adali awo okha. Mwezi ndi mwezi ankalemba za wailesi yomwe akonza ndi momwe aikonzera, popanda woyankha. Ndipo pa chakudya ankatchulabe Fyuzi ndi Gabriel ngati alankhula nawo dzulo.

Maliamu adatembenukira kukhoma kanthawi. Atabweza nkhope adangofunsa kuti, "Ndiye anzawowo tiwapeza kuti?"

Linki ija idali itafa. Kudatsala masiku makumi awiri ndi awiri kuti sadaka ichitike. Akadakhala womasuka, bwenzi atayenda m'mashopu a okonza mawailesi m'tauni nkumafunsa, koma eda idamumanga pakhomo, ndipo Dinah atafunsako anyamata okonza mafoni adamuseka kuti bwalo limenelo ndi la nthawi ya agogo awo. Njira idatsala ya m'foni momwemo.

Dinah adamulowetsa m'gulu lalikulu la pa Facebook la zamagetsi, la anthu zikwi makumi anayi. Maliamu adalembanso uthenga wake. Kumeneko mayankho adagwa ngati matalala: tinkhope tolira, manja opemphera, zilembo zitatu zija anthu amalemba akamva za imfa. Wina adalemba kuti amabwereketsa matenti ndi mipando. Pomafika masana uthengawo udali utakwiririka ndi malonda a mafoni ndi anapiye. Maliamu adawerenga mayina onse limodzilimodzi. Padalibe ndi mmodzi yemwe wonena kuti ankawadziwa.

"Koma apa ndiye akupepesani, amama," adatero Dinah.

"Akupepesa imfa. Sakupepesa Che Salumu."

Adayesa magulu ena atatu. Lina lidali la zithunzi za maluwa zofunirana tsiku labwino kuyambira m'bandakucha. Lina anthu ankangotukwanizana za mpira. Masiku adatsala khumi ndi awiri.

M'mawa wina akusesa mbali ya benchi, yomwe adali asanaikhudze chichokereni mwini wake, adaona wailesi yakuda yomata kapepala ka dzanja la malemu: "Ikatentha imazima." Adaima ndi tsache m'manja. Zaka zonse zija adaona kuti mmisiri akhoza kudutsa moni osayankha, koma sadutsa wailesi yodwala. Adaijambula, nkuika chithunzicho m'magulu onse anayi ndi mawu ochepa: wailesi iyi ikatentha imazima, ndichite chiyani?

"Tayani mugule ina, mayi," adayankha wina. "Bwerani ku inibokosi," adatero ena asanu. Wina adafunsa ngati akuigulitsa. Tsiku lachiwiri, m'gulu laling'ono pa onsewo, mudabwera yankho la munthu wotchedwa Tumbikani: "Musatsegule kaye. Mwini wake mwamufunsa kuti idayamba bwanji kudwala?"

Maliamu adayankha mothamanga mpaka adalakwitsa zilembo katatu. "Bambo, mawu amenewa mudawamva kwa ndani?"

"Kwa mdala wina wamakani pa bwalo lina lakale. Tinkakangana zaka khumi. Ine kumeneko ndinali Fyuzi. Bwanji, mukumudziwa?"

Adamuuza. Kenako foni idalira.

"Amama, ndine Tumbikani. Mwati Ching'ambo? Ine ndili ku Mzilawaingwe kuno, mu Mzuzu momwemuno. Ku Mzilawaingwe, amama! Ndimadutsa msewu wanuwo pa njinga. Ankangolemba kuti wa Kumpoto, ine nkumati mwina Karonga." Kenako adati, "Phepani. Phepani chomene."

Tsiku lomwelo adamulowetsa m'gulu lomwe amisiri aja adasamukirako. Mudali anthu makumi atatu ndi anayi okha. Wolowa ankayenera kubwera ndi womudziwa, ndipo malonda ndi zithunzi za maluwa zidali zoletsedwa. Maliamu adalemba uthenga wake kachitatu. Sipadabwere tinkhope tolira. Anthu adayankha mmodzimmodzi, mochedwa, aliyense ndi nkhani yake. Wa ku Dedza adati Che Salumu adakhala naye sabata yathunthu pa kanema wa kusukulu mpaka adayaka. Wa ku Nsanje adati adamukalipira chifukwa choika waya m'malo mwa fyuzi m'nyumba ya anthu, ndipo sadabwerezenso. Gabriel adatumiza mawu ojambula, liwu la munthu wokalamba, lopumira m'njira.

"Alamu, ine ndine wolakwa. Nditawasiya okha kuja ndidachita manyazi, nkusiya kutsegulako. Ndinkati adakwiya nane. Sindinkadziwa kuti akulembabe. Miyendo yanga siingandifikitse ku Mzuzu, koma tsiku limenelo musandisiye kunja."

Sadaka idachitika Lamlungu, kunja kuli kamvula kowaza. Amayi adadzaza m'nyumba, abambo adakhala pa mikeka pansi pa lona pabwalo. Maliamu adakhala pafupi ndi zenera, katani ili yotseka. Dinah adasuzumira nkumunong'oneza kuti kwabwera alendo atatu ovala majekete, wina wochokera ku Rumphi, wina ku Nkhata Bay, ndipo wamfupi wadaziyo ndiye Fyuzi. Adavula nsapato ataona ena avula, nkukhala kumapeto kwa mkeka, osadziwa poika manja nthawi ya duwa, pemphero la Asilamu.

Duwa itatha, Shehe adafunsa alendowo kuti ndi ndani. Tumbikani adafotokoza, kenako adaimbira Gabriel nkukweza mawu a foni kuti onse amve. Gabriel adalankhula mwaulemu, za kuleza mtima kwa malemu ndi dzanja lawo labwino. Abambo adavomereza chapansipansi.

"Kuleza mtima kuti, a Gabriel?" adalowerera Tumbikani. "Munthu uja adali wouma mutu chomene! Nkhani ya transifoma ija adalakwa, mpaka lero sadavomere."

"Sadalakwe, iwe Fyuzi. Udalakwa ndiwe," idayankha foni.

"Aa! Mukuwaikira kumbuyo chifukwa apita?"

Pabwalo padabuka kuseka, ngakhale Shehe adamveka akutsokomola. Amayi ena m'nyumba adayang'anana, osadziwa ngati nzoyenera. Maliamu adaphimba nkhope ndi mpango wake, mapewa akugwedezeka, ndipo Dinah adamugwira dzanja poganiza kuti akulira. Ankaliradi, koma adali kumvetseranso, pakuti kunjako mkangano wa transifoma udali utayambiranso, ndipo wa ku Rumphi uja adali atalowapo mbali ya Che Salumu.

"Dinah," adatero chapansipansi, "kawauzeni asathamangire kunyamuka. Tiyi akubwera."