Khushoni Yomwe Anandisokera Telala

Anzanga, ine ndi iye tinakumana chifukwa cha siketi.

Ndinalowa mu shopu yake ndi nsalu ya kotoni m'manja. Anali telala, tepi ili m'khosi, mapini awiri ali pakamwa. Atandiyeza m'chiuno ndinati, "Muwonjezerepo mainchesi atatu. Isandigwire paliponse."

Anachotsa mapini aja n'kuseka. "Asisi, mukufuna siketi kapena tenti?"

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka Tenti.

Chimene sankadziwa n'chakuti ndili ndi matenda a khungu otchedwa lichen sclerosus. Ine anandigwira kumusi, kumalo obisika. Khungu limayera, limapyapyala, limayabwa mpaka misozi, ndipo nthawi zina limang'ambika lokha. Dokotala anandiuza kuti sapatsirana, sabwera chifukwa chogonana, koma satheratu. Anandipatsa mafuta opaka n'kunena kuti ndizipita kukapimidwa, poti kwa anthu ochepa amatha kusanduka khansa.

Mawu akuti khansa aja amandiopsa mpaka lero.

Ndiye ndinasintha moyo wonse. Majinzi ndinapatsa mng'ono wanga. Sopo wonunkhira ndinasiya, njinga ndinasiya, zovala zamkati n'kukhala za kotoni zokhazokha. Shuga, makeke ndi zakumwa zotsekemera ndinatsanzikana nazo, poti ndinaona ndekha kuti ndikadya zimenezo kuyabwa kumakula. Dokotala anati sizichitikira aliyense, koma ngati thupi langa latero ndizilimvera.

Siketi ija inatuluka bwino, ndiye ndinabweranso ndi nsalu ina. Kenako ina. Kenako ndinayamba kubwera chimanjamanja, wopanda nsalu, wopanda manyazi!

Anali munthu wa maso. Anaona kuti tiyi ndimamwa wopanda shuga, nayenso anayamba, nkhope ili tsinya ngati akumeza mankhwala. Anaona kuti pa benchi ya makasitomala ndimakhalira mbali imodzi, ndikusunthasuntha. Sanafunse kanthu. Patapita masiku atatu ndinapeza khushoni yofewa, yosokedwa ndi tinsalu totsala, ili pa benchipo.

"Iyi ndi ya Tenti yekha," anauza achemwali ake, omwe amasoka naye mu shopumo. "Wina akakhalapo ndimuitanira apolisi."

Ndinamukonda, anzanga. Koma chikondi chikamakula mantha ankakulanso. Akandigwira dzanja ndinkatuluka thukuta. Akayamba nkhani ya banja mtima unkagunda ngati makina ake osokera. Ndinkadzifunsa kuti, ndikamuuza akhala? Tsiku limene adzaone khungu lija adzati chiyani? Miyezi isanu ndi iwiri ndinatseka pakamwa.

Kenako panatuluka kachilonda kosapola. Dokotala anadula kakhungu pang'ono kuti akapime, n'kunena kuti ndidzamve ma results pakatha milungu iwiri. Nditatuluka ndinalunjika ku shopu. Achemwali anali atapita kukagula ulusi.

"Zimitsa makinawo, ndili ndi nkhani," ndinatero.

Ndinamuuza zonse, maso ali pansi, pa nyenyeswa za nsalu. Ndinamuonetsa pepala la dokotala, ndipo anawerenga yekha pamene panalembedwa kuti sapatsirana.

"Koma chonde usauze munthu," ndinamupempha. "Mayi anga omwe ndinawauza patapita chaka."

Anandigwira mapewa. "Tenti, ndi zimenezi basi? Tsiku la ma results tipitira limodzi. Promise."

Ndinalira, koma kulira kwa munthu amene watula katundu.

Patapita masiku anayi ndinapitako. Achemwali, omwe ankandilandira kuti "alamu, lowani," sanadzutse n'komwe mutu. Benchi inali yonyowa, ikununkha mankhwala otsukira m'chimbudzi. Khushoni yanga inali pafupi ndi chitseko, mu thumba la pulasitiki lomangidwa mfundo ziwiri.

Ndinaloza thumbalo.

"Khushoni yatani?" ndinamufunsa iye.

Maso ake anali pa singano. "Ndinangowafunsa nzeru achemwali, Tenti... ndinachita mantha."

"Mantha? Nanga ine ndinene kuti chiyani?"

Achemwali anaimitsa makina. "Mtsikana iwe, matenda akumusi ndi akumusi basi, dzina lachingerezi litalike bwanji. Mchimwene wangayu ndi mwana wabwino. Ndipo pa benchi apa pamakhala makasitomala."

"Sapatsirana! Funsani dokotala aliyense!"

"Onse amatero," anayankha, n'kuyatsanso makina.

Ndinamuyang'ana iye kuti anenepo mawu amodzi. Amodzi okha, anzanga. Pepala lija anawerenga ndi maso ake, choona ankachidziwa. Anadzuka pang'onopang'ono, anatola thumba lija ndi zala ziwiri, n'kunditambasulira dzanja lili kutali ndi thupi lake.

"Sorry," anatero.

Zala zomwezo zinasoka khushoniyo!

Sindinatukwane, sindinalire pamaso pawo. Ndinanyamula thumba langa n'kutuluka. Panjira ndinkaona ngati aliyense wamva kale, ngakhale wogulitsa nsapato wa mu shopu yoyandikana nayo, amene anandipatsa moni osandiyang'ana. Mpaka lero iye sanaimbepo foni.

Ndikulemba izi ndili pa benchi ya kuchipatala, ndikudikira ma results aja. Ndikufufuta mawu alionse kawiri. Pambali panga, pamene anayenera kukhala iye, pali chikwama changa. Khushoni ija ndaikhalira, poti benchi ndi yolimba ndipo khushoniyo ilibe mlandu.

Ndikuopa, sindikubisirani. Ndikuopa zimene zili mu envulopu ya dokotala, ndipo ndikuopa kuti sindidzathanso kuuza mwamuna wina zoona.

Anzanga, munthu akhoza kukusokera khushoni koma osakusungira chinsinsi. Musanamuuze za thupi lanu, muyeseni kaye ndi nkhani yaing'ono, muone ngati ibwerere kwa inu kudzera pakamwa pa achibale ake.

Nesi watsegula chitseko. Waitana dzina langa lenileni, ndipo ndikulowa ndekha.