Kope Lobiriwira la a Dikirani

Mu ofesi ya ojambula mapulani a nyumba, ija ili pamwamba pa sitolo ya penti, woyamba kulowa m'mawa anali amake Mapasa. Ankatsegula mawindo, kukolopa, kupukuta matebulo asanu ndi limodzi, kenako n'kutereka madzi a tiyi. Wachiwiri kulowa anali a Dikirani, ndipo ndi za iwowa zimene amake Mapasa amakonda kufotokoza mpaka lero akapeza wowamvetsera.

Dzinali silinali la makolo. Mayiyu analembedwa ntchito yoyankha foni ndi kulandira alendo, ndipo poti tsiku lonse ankangoti "dikirani pang'ono, dikirani pang'ono", ojambula aja anawatcha dzinalo, n'kuwamatirira ngati phula. Anali wamfupi, wosakweza mawu, wa magalasi omanga ndi ulusi mwendo umodzi. Pa kalata yawo ya ntchito panalembedwa za foni ndi alendo basi. Koma pulinta ikameza pepala, aliyense ankaitana a Dikirani. Kiyi wa kabati akasowa, a Dikirani. Wina akagonekedwa m'chipatala, wokumbutsa anzawo kuti akamuzonde anali iwo omwewo. Palibe ankaziyesa ntchito zimenezi. Zinkangochitika, monga mmene anthu amapezera pansi poyera osafunsa kuti wakolopa ndani. Mwina n'chifukwa chake amayi awiriwa ankamvana ngakhale osalankhulana zambiri.

Abwana anali ndi laputopu yakuda, yolemera, ya kampani, momwe munali mapulani onse. Inapita kwa katswiri wa makompyuta kukaikidwa zatsopano, ndipo inabwerako ndi matenda. Madzulo inkakana kuzima: timadontho tinkangozungulira pa sikirini osaleka, mpaka abwana adinikize batani ndi chala chachikulu ngati akupha nsikidzi. Atatopa nazo, anayamba kumangoisiya yoyaka patebulo n'kumapita. M'mawa ndiye kunali zina. Akaitsegula, osalabadira kuti waitseka ndani, sikirini inkangoti bii, kapena inkayaka koma kamuvi n'kuuma gwa pakati, ngakhale munthu agwedeze mausi chotani.

Katswiri uja anabwera ndi chikwama chake cha mawaya, n'kuyang'ana mwachidule.

"Vuto ndi madalaivala," anatero.

A Dalaivala, mkulu wa imvi woyendetsa galimoto ya kampani, anali pampando wawo pakhomo. Anadzuka.

"Ine ndalakwanji? Chinthucho n'chiyambire sindinachigwirepo."

Ofesi yonse inafa ndi phwete. Katswiri anafotokoza kuti dalaivala wa m'kompyuta ndi kapulogalamu kouza chiwalo chilichonse mmene chigwirire ntchito: sikirini ili ndi wake, zokuzira mawu zili ndi wake, intaneti ilinso ndi wake.

"Onsewo m'kabokosi kamodzi?" anafunsa a Dalaivala. "Ndiye ngozi ilekerenji?"

Katswiri anaikanso madalaivala onse, atsopanoatsopano, n'kumapita. Koma matenda anali pomwepo. Abwana atamuimbira foni, iye anati mwina mwalowa chinyontho, n'kufunsa ngati alipo amene amaipukuta ndi nsanza yonyowa. Linali Lolemba. Amake Mapasa anali pafupi ndi thileyi ya makapu m'manja, ndipo anaona maso a abwana akutembenukira kwa iwo.

"Mayi, laputopu iyi mumaikhudza?"

"Ayi, bwana."

Bodzalo linatuluka lokha, mutu usanaganize.

"Chimene ndikudziwa ine n'chakuti imadwala m'mawa, inu mutadutsamo. Ikafika Lachisanu isanachire, tidzakambirana za ntchito yanu. Sindingasunge munthu wondiwonongera zipangizo."

Amake Mapasa anaika thileyi patebulo. Zaka zisanu ndi zinayi akukolopa m'menemo, mapasa awo ali ku sekondale, bambo wa anawo kulibe. Anapita kukakhitchini kakang'ono kuseri kwa ofesi n'kutsegula mpopi kuti asamveke kupuma.

Masana omwewo a Dikirani anatulutsa m'dilowa kope lobiriwira, la ana asukulu, n'kulemba mizere ndi rula. Anagogoda kwa abwana.

"Bwana, ikauma muzindiitana musanaikhudze."

"Inunso mwakhala katswiri liti?"

"Ndizingolemba nthawi yokha."

Ndipo ankalembadi. Ikauma, ankabwera ndi kope lawo, kuyang'ana wotchi, kufunsa kuti inali pati, inali patchaja kapena ayi, womaliza kuigwira anachita chiyani. Ojambula ankaseka kuti a Dikirani atsegula polisi. Iwo ankangomwetulira n'kubwerera ku foni.

Lachitatu pa nthawi ya nkhomaliro, amayi awiriwa anakhala pa benchi m'kakhitchini muja. Amake Mapasa anakankhira chakudya chawo pambali.

"Achemwali, kulemba kumeneku kuchiza chiyani?"

A Dikirani anapukuta magalasi ndi nsonga ya bulauzi, n'kufotokoza zimene anali asanauzepo aliyense mu ofesimo. Mlongo wawo wamng'ono ankadwala khunyu. Iwo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, nesi wina anawapatsa kope, poti mayi awo sankatha kulemba, n'kuwauza kuti mwanayo akagwa azilemba tsiku, nthawi, ndi zimene anachita asanagwe. Analemba zaka zisanu ndi ziwiri. Kusukulu ankajomba, koma kope sanalijombe. Ndi kopelo limene linaulula kuti mlongo wawoyo ankagwa kawirikawiri akagona mochedwa, chinthu chimene dokotala womuona mphindi zisanu sakanachidziwa.

"Matenda obwera n'kupita sawaona dokotala, amayi. Amawaona ndi wodwazika. Katswiri uja amabwera laputopu ili bwinobwino, ndiye amangolota."

Anatsegula kope pamiyendo.

"Taonani. Lachiwiri m'mawa, lero m'mawa, zoona, inu mutadutsamo. Koma apa: Lachiwiri masana inaumanso, abwana atabwera nayo m'chikwama kuchokera ku msonkhano. Inu nthawi imeneyo munali kusitolo kogula sopo. Ndiye si madzi anu. Koma chilipo chimene chimachitika m'mawa, ndipo ine pa nthawi imeneyo ndimakhala ndili m'basi."

Sanafunse. Anangodikira, kope lili chitsegulire. Amake Mapasa anayang'ana zala zawo zosweka ndi sopo.

"Ndimaitseka," anatero motsitsa. "Madzi ayi, ndikulumbira. Koma abwana amaisiya kukamwa kuli yasa, ndipo fumbi la mumsewu uwu mukulidziwa. Ndimangoivundikira bwinobwino ngati ndowa ya madzi akumwa. Ndinanama, achemwali. Ndinachita mantha."

"Munayamba liti kuitseka?"

"Kuyambira pomwe inagulidwa. Ndikaipeza yotsegula ndimatseka."

"Zaka ziwiri zonsezi? Ndipo inkadzuka?"

"Sindinamvepo dandaulo." Anaganiza pang'ono. "Koma kale ndikaitseka inkakhala zii. Masiku ano imapitiriza kupuma, fuu, fuu, ili yofunda ngati mwana wa malungo. M'mawa muno mumakhala chete, ndiye ndimaimva."

A Dikirani analemba mawu amenewo momwe anawamvera, n'kudula mzere pansi pake kawiri. Amake Mapasa anali asanaonepo mawu awo atalembedwa ndi munthu.

"Mukaitseka siizima, amayi, imagona. Kale inkagona n'kudzuka. Pano ikulephera kugona, ikulepheranso kudzuka. Mwa madalaivala aja, mmodzi ndi amene akuisokoneza tulo."

Lachinayi a Dikirani anapempha abwana kuti awabwereke laputopu pa ola la nkhomaliro. Abwana, amene anali atataya kale ntchito ya theka la tsiku, anangokweza dzanja movomera. Amake Mapasa anaima kumbuyo ndi mopu kuti aoneke ngati akugwira ntchito, ndipo zimene anaona tsikulo amazifotokoza mpaka lero ngati munthu amene anaonerera opaleshoni.

Choyamba a Dikirani anakopera mapulani onse m'fulashi, kachipangizo kosungira za m'kompyuta, kuti zikavuta pasatayike kanthu. Kenako anatsegula mndandanda wautali wa madalaivala, chala chikutsata malangizo amene anali atakopera m'kope kuchokera pa foni yawo. Anati katswiri anasintha onse nthawi imodzi, ndiye wolakwa anabisala m'gulu. Iwo ankachotsa mmodzi yekha watsopano n'kubwezerapo wakale, kuyatsanso laputopu, kuitseka, kuwerenga chamumtima mpaka makumi asanu ndi limodzi, n'kuitsegula. Anayamba ndi wa intaneti. Bii. Analemba, kudinikiza batani, kudikira. Foni inalira, anayankha ndi dzanja lamanzere, maso ali pa sikirini. Anabwezera wa zokuzira mawu. Bii. Ola linatha, chakudya chawo chili chimangire m'kambale.

"Ndiye zakanika?" anafunsa amake Mapasa.

"Ayi. Awiri tawapeza osalakwa. Dzulo sitinkadziwa zimenezo."

Sanaoneke wokhumudwa ngakhale pang'ono. Amake Mapasa anali atawaonapo anthu anzeru, a masuti ndi mawu ambiri, koma munthu wolephera kawiri n'kumalemba kulepherako mwaukhondo ngati phindu anali asanamuonepo.

Lachisanu a Dikirani analawira, n'kufika pansi pasanaume. Anavula nsapato pakhomo kuti asadetse. Nthawi ino anagwira dalaivala wa sikirini. Atadina kuti abwerere wakale, sikirini inaphethira, n'kuda. Kenako inawala. A Dikirani anaiyatsanso, n'kuitseka.

"Tamverani inuyo. Makutu anu ndi amene akuidziwa."

Amake Mapasa anawerama n'kuika khutu pafupi. Kupuma kuja kunachepa, kunachepa, kenako zii.

"Yagona," ananong'ona.

Ataitsegula, inadzuka nthawi yomweyo, kamuvi kakuthamanga ngati kamwana kotuluka m'kalasi. A Dikirani sanasekerere msanga. Anabwereza kakhumi, patchaja ndi popanda tchaja, uku akuchonga m'kope. Anaizimitsa, ndipo inazima yokha mwaulemu, popanda woikakamiza. A Dalaivala, amene anali atafika n'kumasuzumira, atamva kuti wachiza ndi dalaivala wakale, anawongola kolala n'kunena kuti mawu amenewo alembedwe pakhoma.

Panatsala chovuta chenicheni. A Dikirani anatseka kope n'kuyang'ana mnzawo.

"Sindingafotokoze mmene yachirira osatchula za kutseka. Koma mawu amenewo ndi anu, amayi. Ine ndingoima pambali panu."

Abwana atafika, amayi awiriwa analowa. Amake Mapasa anapinda manja kutsogolo.

"Bwana, Lolemba ndinakunamizani. Laputopu ndimaikhudza. Ndimaitseka poopa fumbi."

Nkhope ya abwana inachita mdima.

"Ndiye ndinu! Ndinakufunsani pamaso pa anthu, inu n'kundikanira. Munthu wotere ndingamukhulupirire ndi makiyi a ofesi?"

Apo a Dikirani anaika kope patebulo n'kulozetsa chala pa mzere umodzi.

"Pepani bwana, Lachiwiri masana, pochoka ku msonkhano, anaitseka ndani?"

Abwana anawerenga. Anakanda chibwano.

"Ndine."

"Inauma chimodzimodzi. Aliyense woitseka inkamuumira, chifukwa dalaivala watsopano wa sikirini sankagwirizana nayo. Tabwezera wakale. Koma pakanapanda mayiwa kundiuza kuti ikatsekedwa imapitiriza kupuma, bwenzi tikufufuzabe madzi. Amayi, taitsekeni."

Amake Mapasa anapukuta manja pa epuloni, n'kutsitsa chivundikiro pamaso pa mwini wake. Mu ofesi monse munali zii, ojambula atasiya mapensulo. Anatsegula. Pulani ya nyumba ya zipinda zinayi inaonekera yonse, mizere yake ili nga.

Abwana anaikokera kwa iwo. Anatseka, kutsegula. Anatsekanso mwamphamvu ngati akufuna kuigwira bodza, n'kutsegula. Kachitatu anadikira nthawi yaitali, akugogoda tebulo ndi chala. Inadzukabe.

"Hmm," anatero. Anatembenuza masamba a kope lija mmodzimmodzi, n'kulibweza. "Muimbireni katswiri uja, mumuuze kuti asavutike kubwera." Kenako, maso ali pa sikirini, anawonjezera: "Mayi, makatani awa ada. Lolemba muwachape."

Amake Mapasa anafika m'kakhitchini asanamvetse. Lolemba. Ndiye kuti ntchito yawo ikadalipo. Kupepesa kunalibe, kuthokoza kunalibe, ndipo kunja a Dikirani anali atakhala kale pampando wawo akusanja makalata a tsikulo.

Madzi anawira. Mwa lamulo losalembedwa la mu ofesimo, tiyi woyamba ankapita kwa abwana, m'kapu yawo yoyera ya mkombero wagolide. Amake Mapasa anaitsuka kapuyo kawiri, kuthiramo tiyi wa mkaka wambiri, kuiika pa sosala, n'kuyenda nayo pang'onopang'ono kudutsa chitseko cha abwana osaima, mpaka pa tebulo la foni.