Thole la a Chigubu

Amalume anga anthu amangowatchula kuti a Chigubu, chifukwa kwa zaka zisanu ndi ziwiri sanaonekepo pamsewu opanda chigubu cha mkaka kumbuyo kwa njinga. Ndi munthu wamfupi, wosalankhulalankhula. Ng'ombe yawo ankaitchula kuti Dona, ndipo akazi awo ankati Donayo ndi mkazi mnzawo, poti ndi amene ankayamba kufunsidwa mmene wadzukira.

Ng'ombeyo inabwera ndi pulojekiti ya boma. Lamulo lake linali limodzi: thole loyamba lalikazi upatse mnzako wotsatira pamndandanda, nayenso adzapatse wina. Boma linaikanso thanki yoziziritsira mkaka pafupi ndi msika, ndipo lole ya kufakitale inkabwera m'mawa uliwonse. Mlangizi atawauza kuti ng'ombe yotere sidya zinyalala, amalume anazula chimanga theka la munda n'kudzala nsenjere.

"Kodi ana adzadya udzu?" anafunsa akazi awo.

"Mkaka udzagula chakudya, amayi."

Zinaterodi kwa nthawi ndithu.

Wotsatira pamndandanda anali mayi wamasiye wa kutsidya kwa msewu, a Make Mapasa. Mayiwa anamanga khola lawo chaka choyamba chomwe, la simenti pansi, n'kumadikira. Koma Dona, ngati dala, ankangobereka amuna okhaokha. Akabereka, mayi aja ankabwera kudzasuzumira kunsi kwa thole n'kuseka. "Achimwene, ng'ombe yanuyi ndi yanjiru!" Amalume ankasekako, koma zinkawadya mumtima. Sankafuna kudzafa ali munthu amene analandira koma osapatsako mnzake.

Thole lalikazi linabadwa chaka chimene akuluakulu a kumzinda anachotsa msonkho pa mkaka waufa wochokera kunja. Ankati akufuna kuti osauka azimwa tiyi wamkaka. Osauka ake ati, ine sindikudziwa. Kumene ufawo umachokera boma limawagwira mkono alimi ake, moti unkafika kwathu wotchipa kuposa mkaka wa Dona amene ali kuseri kwa nyumba. Fakitale inayamba kungosungunula ufa. Lole inayamba kubwera kawiri pamlungu, kenako kamodzi, kenako zii. Pachitseko cha thanki anakolekapo loko.

Ng'ombe yamkaka simva za msonkho. Ukangoisiya osaikama, bere limatupa n'kuyamba mafinya. Choncho amalume ankakamabe m'mawa ndi madzulo. Ankazungulira ndi njinga m'matiyirumu momwe anali atagula kale mapaketi aufa, n'kubwerera dzuwa lili paliwombo mkaka utasasa. Tinamwa mpaka kutikola, agalu anamwa, wotsala tinkathira kudzala. Madeya a ng'ombe anasiya kugula. Munkhokwe munalibe kanthu, kumunda nsenjere ili biriwiri mopanda manyazi. Dona anayamba kuoneka nthiti. Wabutchala anabwera kawiri, amalume anamubweza kawiri konse.

"Ndiyambe ndapereka thole la eni ake," ankatero. Ankaganiza kuti ng'ombe zikachuluka m'mudzi, lole ibweranso.

Thole litasiya kuyamwa analisambitsa, anavala jekete, n'kundiitana kuti ndikakhale mboni. Tinawoloka msewu, iwo patsogolo ndi chingwe. M'khola la a Make Mapasa tinapeza muli nkhuni ndi nkhuku. Mayiwo anatuluka akupukuta m'manja, anayang'ana thole, kenako amalume.

"Ndabwera nayo ng'ombe yanu ija, achemwali."

"Achimwene, ine ndakulakwirani chiyani?"

"Ndi yanutu iyi. Mwaidikira zaka zonsezi."

"Ndiidyetse chiyani? Mkaka wake ndikapatse ndani? Pepani, bwererani nayo. Ana anga angafe ndi njala."

Sanawanyoze ayi, analankhula misozi ili m'maso. Koma sindinaonepo amalume atachepa ngati tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa. Tinabwerera kwathu, thole likudumphadumpha pambuyo.

Mlungu womwewo wabutchala anabwera ndi zingwe ziwiri, china cha Dona, china cha thole. Amalume anatsegula okha khola, anamusisita Dona pakhosi, n'kulowa m'nyumba.

Masiku ano ali pantchito yozula nsenjere kuti abwezeremo chimanga. Mizu yake ndi yolimba, ndipo msana wawo unatha kale. Chigubu chija akazi awo amatungira madzi. Koma anthu akamadutsa amawaitanabe ndi dzina lomwe lija, ndipo amalume amaweramuka n'kuyankha.