Ndinavula Duku Tsiku Lometa Maliro a Apongozi

Amene anayamba kundiuza anali alamu anga, alongo awo a amuna anga. Linali Loweruka masana, ine nditakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, iwo ali pampando kumbuyo kwanga akundiluka tsitsi ndi ulusi kuti mawa lake ndikaoneke bwino kutchalitchi. Anagawa mzere, nkuima. Anagawanso pena, nkuimanso.

"Alamu, kodi paliwombo panu pano mumapaona?"

"Ndingapaone bwanji, maso ali kutsogolo?"

"Pakuoneka khungutu. Ulusi ukusowa pogwira."

Ndinaseka, chifukwa nthawi imeneyo ndinali ndi khanda kumbuyo, mwana wanga wachinayi, ndipo mayi aliyense amadziwa kuti ukabereka tsitsi limathothoka kenako nkumeranso. Ndinati libwera lokha. Mwanayo anakwawa, anayenda, anasiya kuyamwa, mpaka anayamba sukulu, koma tsitsi osabwera. M'mawa uliwonse chipeso chinkatuluka chodzaza. Ndinkalikulunga m'dzanja nkukalitaya kuchimbudzi poopa kuti wina angalitole. Linayambira paliwombo nkumatsikira kutsogolo pang'onopang'ono, ndipo lotsalalo linangokhala lopyapyala ngati ndevu za chimanga.

Ine kwathu ndi cha ku Kabudula, koma ndinatengedwa chitengwa kudzakhala kumudzi kwa amuna anga kufupi ndi Nsaru. Ukakhala mtengwa maso a mudzi wonse amakhala pa iwe, kaphikidwe kako, kasesedwe kako, ngakhale kayendedwe. Ndiye ndinayamba kumanga duku. Kudimba duku, kumjigo duku, kuchigayo duku. Ana anga omwe anayamba kuiwala kuti mayi awo ali ndi mutu. Wina anandiuza kuti ndi nkhata, ndikusenza kwambiri. Wina anati ndinalodzedwa. Ine ndinkangogwada nkumauza Mulungu kuti, "Ambuye, munandipatsa ndinu, ngati mukulifuna tengani, koma mundipatseko nkhope yoyenda nayo pa anthu."

Chaka china fodya atagulidwa bwino, amuna anga anabwera kuchokera m'tauni ndi kajumbo kakuda. M'katimo munali wigi. Anali atasankha okha, bambo wa khasu, m'sitolo ya azimayi. Sindinawaseke, ndinawathokoza, ndipo mpaka lero ndimawathokoza. Ndinkaivala ngakhale kuntchito, thukuta lili chuchuchu m'khosi. Tsiku lina tikupachika fodya m'chigafa, ndinawerama kuti ndidutse pansi pa mikangala, ndipo podzuka ndinangomva mphepo pamutu. Wigi inali itakodwa, ikulendewera pakati pa masamba.

Amuna anga anaiyang'ana, nkufunsa mofatsa, "Mayi a mwana, fodya uyu timuika giredi yanji?"

Ndinaseka mpaka misozi. Koma potembenuka ndinaona apongozi anga aakazi, amayi awo a amuna anga, atakhala pakhomo la chigafa akusoka fodya. Anali ataona zonse. Ndinagwira mutu ndi manja awiri nkukhala pansi.

Mawa lake apongoziwo ananditumira mawu kuti ndipite kunyumba kwawo. Ndinawapeza atakazinga nsatsi, atasinja, atatenga kale mafuta ake m'kambale. Anandiuza kuti ndikhale pansi ndi kuvula duku. Kwathu kuno apongozi timawachitira manyazi, sitikhala nawo moyandikana chonchi, koma iwo anasendera okha nkuyamba kundidzoza ndi zala zawo zokhakhala.

"Limera, amayi?" ndinawafunsa.

"Kaya. Koma mutu ndi womwewu umene umandisenzera madzi. Usamaubise ngati unaba."

Silinamere. Komabe ndinkapitako kawirikawiri, iwo nkumandidzoza, tikukamba za mbewu ndi za ana. Ndikuganiza kuti tonse awiri tinkadziwa kuti mafutawo sakuchita kanthu. Wigi ija ndinaisunga m'sutikesi.

Zimenezi zinkachitika zaka zija titangoyamba kuvotera zipani zambiri, pamene maliro ankachuluka m'midzi chifukwa cha matenda aja anthu ankaopa kuwatchula dzina, mankhwala ake asanafike kuno. Munthu akayamba kupepuka tsitsi, anthu ankati basi watenga kachilombo. Duku langa linayamba kulankhulidwa. Kumjigo ndikafika, nkhani inkaduka. Pamaliro kapena paukwati, ine amene ndinkapatsidwa mphika wa ndiwo ndinayamba kuuzidwa kuti, "Inu kathyoleni nkhuni, kuphika kuli kale anthu."

Tinakwera minibasi ndi amuna anga kupita kuchipatala cha mishoni ku Namitete, nkuyezetsa tonse awiri. Kachilombo sanatipeze nako. Namwino anati magazi anga ndi ochepa pang'ono, nkundipatsa mankhwala, koma anandiuza mosabisa kuti pali azimayi ena tsitsi lawo limangotha chonchi, nthawi zina ndi zakumtundu, ndipo mwina silidzabwerera. Pamenepo ndinakumbukira kuti mayi anga ondibereka sindinawaonepo opanda duku mpaka tsiku limene anamwalira.

Pobwerera amuna anga anati akauza anthu zotsatirazo kuti atseke pakamwa. Ndinakana. Mng'ono wanga weniweni anamwalira ndi matenda amenewo, ndipo ndinamusambitsa ndine, kumumwetsa phala ndine. Ndiye ndikaime pabwalo nkumalengeza kuti ine sindili ngati iye? Ndinati ayi. Amene akufuna kundisala andisale, koma mng'ono wanga sindimukana.

Apongozi anamwalira nyengo yokumba mtedza. Anadwala masiku ochepa chabe. Tinawaika, ndipo kunatsala mwambo wometa, pamene achibale onse a womwalirayo amametedwa tsitsi kusonyeza kuti alira ndipo amuperekeza. Kusametedwa uli wapabanjapo ndiye kuti imfayo siikukukhudza.

Kutatsala tsiku limodzi, alamu anga aja anandipeza ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba. Ananjuta pafupi nane nkuyamba kundithandiza, zimene sankachita kawirikawiri.

"Alamu, za mawazi. Azimayi akambirana kuti inu musavutike. Mungokhala m'nyumba, tinena kuti mutu ukukupwetekani."

"Mutu wanga sukupweteka."

"Ndikudziwa. Koma mukavula dukulo pagulu, eti mukudziwa mmene anthu alili. Ena akuti sangametedwe ndi dzanja limene lakugwirani inu. Tikukutetezani."

"Mukuteteza ine, kapena maso awo?"

Anangoyang'ana m'beseni. Sindinawakwiyire, chifukwa iwo anangotumidwa, ndipo amayi amene anamwalirawo anali amayi awo. Koma mumtima mwanga munatentha. Munthu yekhayo pamudzi uno amene anagwira mutu wanga osanyansidwa ndi amene tinkamulirayo. Ndiye ine ndibisale m'nyumba ngati nkhuku yofungatira, anthu nkumadzanena kuti mtengwa uja sanawalire apongozi ake? Ana anga adzakule akumva zimenezo?

Amuna anga atamva anafunsa, "Ndikawalankhule?"

"Ayi. Ingondigulirani lezala langalanga."

Masiku amenewo azaumoyo anali atatiphunzitsa kale kuti pometa aliyense azikhala ndi lezala lake, ndipo zimenezo ndi zabwino, sindinatsutsane nazo.

M'mawa mwake ndinasamba, ndinavala chitenje chimene apongozi anandipatsa nditabereka mwana woyamba, ndinapemphera mawu ochepa. Azibambo ankametedwa kubwalo, azimayi kuseri kwa nyumba ya malemu. Wometa anali mayi wina wa kwa adzukulu, banja limene limatiikira maliro, mayi wodziwika ndi pakamwa posapsatira. Atangodzuka munthu woyamba, ndinapita nkukhala pamkekapo. Ndinaika lezala langa patsogolo. Ndinamasula duku, nkulipinda bwinobwino, nkuliika pamiyendo.

Ndinamva dzuwa likundiwomba paliwombo, malo amene anali asanaone dzuwa kwa zaka zambiri.

Mayi wometa uja anazungulira, anayang'ana kutsogolo, anayang'ana kumbuyo.

"Inu amayi, mwandiitanira chiyani? Munda uwu wina walima kale."

"Anayamba ndi Ambuye," ndinayankha. "Inu mungomalizitsa m'mbalimu."

Ena anaseka mobisa. Koma kumbuyo kwanga ndinamva mawu otsika akuti, "Si uja tinkanena." Sindinatembenuke kuti ndione mwini wake. Ndinalankhula ndikuyang'ana kutsogolo, mokweza pang'ono kuti onse amve.

"Yang'anitsitsani, azimayi anzanga, lero ndi laulere. Mutu wake ndi umenewu. Za magazi anga musandifunse, sindikuuzani. Ndikanakhala nako kachilomboko, ndikanakhalanso pamkeka pomwe pano. Amene tawaika aja ankaugwira mutu uno ndi manja awo. Ndabwera kudzawalira."

Wometayo anatsegula lezala, nkuika dzanja lake lonse pamutu panga, osati nsonga za zala ayi, dzanja lonse. "Weramani, ntchito yanu ndi yochepa, musandichedwetse," anatero. Timatsitsi tanga tinagwera pachitenje, tochepa moti tonse tikanakwana m'bokosi la machesi. Pamenepo m'pamene ndinalira, kulira kumene sindinalire ngakhale kumanda.

Nditadzuka, amene anabwera kudzakhala pamalo panga anali alamu anga. Anapereka lezala lawo, nkuwerama pansi pa dzanja lomwe lija. Pambuyo pawo panabwera ena. Awiri kapena atatu anakametedwa kwina, ndipo ndinawasiya, ndi mitu yawo. Pofika masana tonse tinali mipala yokhayokha, yonyezimira, moti mlendo sakanadziwa kuti wodwala tsitsi ndi uti. Sindinadikire kuuzidwa zochita. Ndinapita pamoto, ndinakhala pa mphika wa nyemba, nkuuphika mpaka kupsa. Ena anadya, ena anakankhira mbale kumbali. Nyembazo zinatha.

Patapita milungu, tsitsi la anzanga onse linamera. Langa linamera m'mbali mokha, monga kale. Ndinaona kuti kulisunga nkudzivutitsa, ndiye kuyambira pamenepo ndimangometa lonse. Amandimeta ndi amuna anga, pakhonde, masana, odutsa akuona. Duku ndimavala kutchalitchi ndi pamene dzuwa lakula, chifukwa ndafuna ine. Ndikafuna kuyenda wopanda, ndimayenda mpaka kumsika wa ku Nsaru. Olankhula sanathe ayi. Ena anadikira zaka kuti andione ndikuwonda, ndipo anatopa okha. Sindinganame kuti sizipweteka. Pali masiku ndikaona mayi wa msinkhu wanga akulukitsa tsitsi ndimayang'ana kumbali. Koma m'nyumba sindidzabisalamo.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekera ku pulayimale, koma ndati ndilembe zimenezi chifukwa cha mwana wanga woyamba, wamkazi, amene anakwatiwa ku Mpingu. Mwezi wathawu anabwera kudzationa ali ndi khanda kumbuyo. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe, anamasula duku lake, nkuwerama.

"Amayi, tandionani paliwombo."

Ndinaona. Mwina ndi za uchembere chabe, limera. Mwina ndi zija za ine ndi agogo ake, mayi anga aja. Sindinamunamize. Ndinamuuza kuti apite kuchipatala akamuone magazi, kenako ndinakazinga nsatsi, ndinamukhazika pamkeka pabwalo, nkuika dzanja langa lonse pamutu pake.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa apongozi otere, ndi mwamuna amene amanola maso pometa mkazi wake kuti asamucheke. Inu amene mwawerenga, mukamagwada mutikumbukireko pakhomo pano: bambo a ana anga amene maso ayamba kuwavuta, alamu anga, ana ndi adzukulu, makamaka mwana wanga wa ku Mpingu uja, kuti kaya limera kaya silimera, aziyenda pa anthu mutu uli m'mwamba.