Madzi otentha a mbuzi yanga

Chaka chomwe Chilwa inaphwa, amuna anga anasiya usodzi, koma kusamba madzi otentha sanasiye.

Mwana wathu wamkazi anali wonyentchera. Kusikelo ankangondiyang'ana ngati ndimamumana dala. Ndiye a bungwe lina anandipatsa mbuzi yamkaka, ndipo mlangizi anandiuza kuti ndisanakame ndizitsuka mawere ake ndi madzi ofunda, nkupukuta ndi kansalu koyera mpaka aume. Kapu ya mkaka imeneyo ndiyo inkamugwira mwanayo.

Kwathu kudambo nkhuni nzosowa. Ndinkasonkhezera mapesi, ndipo mapesi satenthetsa mapoto awiri. Poto anali mmodzi basi. Mu Juni mphepo ya mwera inkadutsa panyanja youmayo popanda choitchinga, zala nkumakanika kumanga chitenje. Ndikangotereka madzi nkupita kukasesa m'khola, pobwera ndinkapeza poto ali gwaa, bambo akuimba nyimbo kubafa. Kusamba konseko kunali kokasewera bawo ku Kachulu!

Ndinkatani nanga? Ndinkatsuka ndi madzi ogonera m'ndowa, mbuzi ikuponda mwendo ndi kuzizidwa. Mawere anayamba ming'alu. Tsiku lina kansalu kaja ndinakapeza pa tcheni cha njinga ya bambo, kali bii ndi mafuta. Posakhalitsa bere limodzi linatupa, kutentha ngati mbatata yootcha, mkaka nkumatuluka wa mibulu ndi magazi. Ndinautaya kuseri kwa khola mwana akundikoka chitenje, kapu ili m'manja.

Mmawa mwake sindinachoke pamoto. Madzi atafunda ndinanyamula poto, nkuwadutsa bambo aja ali chiimire ndi sopo wawo.

“Mayi a mwana, madziwo akupita kuti?”

“Kukhola.”

“Ndiye kuti pakhomo pano mbuzi yaposa mwamuna?”

“Eya, bambo. Iyo ikudyetsa mwana wanu.”

Anakandinenera kwa amalume kuti ndachita mwano. Amalume anandikhazika pansi nkundilangiza za ulemu, osafunsako nkomwe za mbuziyo. Zimenezo zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Ndinathowa bere lija mmawa uliwonse, koma linafota, silinatulutsenso kanthu. Nyengo yonse yozizira mwana wanga ankamwa theka la kapu. Akamaliza ankaipendeketsa, nkusuzumiramo, nkundipatsa kuti ndiwonjezere.